Chimene Chinamanga Kasian Pagolo la Mbufu

1

Mukafika pa Mbamba Bay n'kufunsa kuti munthu wokhulupirika muno ndani, sakutchulirani wansembe kapena mkazi wa munthu. Akuuzani kuti ndi Kasian, goloboyi wa timu ya Mbufu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pagolo limodzi, jezi yake imodzimodzi yachikasu. Matimu a ku Songea anamufuna, a ku Mbeya anamunyengerera, ina ya ku Dar es Salaam inachita kutuma munthu wa jekete kudzatipeza pakhomo. Onsewo anawakana.

Ine ndine bambo wake. Dzina langa ndi Harrison, mmisiri wokhoma maboti. Kwathu ndi ku Nkhotakota, koma ndinaoloka nyanja kalekale ndipo sindinabwererenso. Pamsika anthu ankandigwira dzanja n'kumati, "Baba Kasian, munabereka mwamuna." Ine ndinkangowaonetsa mano. Wokuyamika lero ndi yemwe amayamba kutola mwala mawa. Anthu ndakhala nawo, ndikuwadziwa. Komanso ndinkadziwa chimene iwo sankachidziwa. Mwana wanga sanakhale ku Mbufu chifukwa choikonda. Ndinamumangirira ndine, ndi bodza.

Chaka chatha, Lolemba lomaliza la Okutobala, mkazi wanga Odilia ankatembenuza usipa pathandala, ine ndikupala thabwa pambali. M'tauni monse munali nkhani imodzi yokha, yoti Loweruka Kasian asewera mpira wake womaliza n'kutsanzika.

"Bambo a Kasian," anatero Odilia osandiyang'ana, "Loweruka m'mawa kuli misa ya akufa. Chaka chino dzina lija liwerengedwa."

Ndinasiya kupala.

Kuno, pa 2 Novembala, aliyense amalemba mayina a abale ake omwalira pakapepala n'kupereka kwa katekisiti kuti awerengedwe m'tchalitchi. Odilia ankapereka la bambo ake, la mayi ake, la mlongo wake. Panali dzina limodzi lokha limene ndinamuletsa kwa zaka makumi atatu. Ndinkadziwa kuti tsiku limene lidzamveke pagulu, mwana wanga sadzanditchulanso kuti baba, mwinanso tonse awiri adzatikweza sitima yobwerera kutsidya.

"Dikira chaka chamawa," ndinatero.

"Munati tidikire mwana athe sukulu. Anatha. Munati tidikire akwatire. Anakwatira, ana awiri. Munati tidikire asiye mpira. Loweruka akusiya."

"Misa ndi ya m'mawa, mpira ndi wa masana. Sanasiye."

Odilia anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Mukundiwerengera maola tsopano? Maso anga akupita, miyendo ikutupa. Sindifuna kukakumana naye kumeneko ndisanamutchule n'kamodzi komwe."

2

Manja a Kasian anayamba kudziwika padoko. Sitima ikaima, amalinyero ankaponya mitolo kuchokera pamwamba, iye n'kumaiwakha ngati mango. Kocha wa Mbufu, Benedikto, anamuona kumeneko mu 2006 n'kukamuimika pagolo. Pasanathe zaka zitatu dzina lake linali pa wailesi. Ankati mpira ukamuona umachita manyazi.

Mu 2010 munthu wa jekete uja anafika. Anakhala pampando wanga, nakana tiyi wathu, namayang'ana denga ngati limugwera.

"Mzee, mwana wanuyu akuwola kuno," anatero. "Timu yathu imasewera mpaka maiko akunja. Mwezi uno timupangira pasipoti."

"Pasipoti imafuna chiyani?" ndinafunsa.

"Zochepa. Khadi lake la ubatizo, makolo akalumbire, kenako a uhamiaji amakafunsa ku parishi kumene anabatizidwa. Basi."

Kasian nkhope inali kuwala. A uhamiaji ndi aja oona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo ndinali nditakhala moyo wanga wonse ndikuwalambalala.

M'mawa mwake ndinamuitanira m'shedi mwanga n'kutseka chitseko. Ndinatulutsa lezala yatsopano ndi kabotolo ka zinthu zakuda.

"Tambasula manja."

"Baba, ife ndife akhristu."

"Ukuganiza kuti mipira ija umaigwira ndi korona?"

Pamfundo za manja ake onse awiri panali timizere tiwiritiwiri ta mphini zakale, timene anakula nato osadziwa chiyambi chake. Ndinaloza pamenepo.

"Uli khanda ndinapita nawe kwa sing'anga wina wa ku dziko la Msumbiji. Ndiye anakutema apa. Lero ndikungodzutsa mankhwalawo. Koma ali ndi lamulo lake. Golo loyamba limene unaimapo ndilo lako mpaka mapeto. Tsiku limene udzavale jezi ya timu ina, mpira udzaugwirabe, koma amene adzalipire ndi mayi ako. Adzagona osadzukanso."

Ndinamutema, ndi kupaka zakuda zija. Iye ankangoyang'ana magazi.

"Bwanji simunandifunse?" anatero ndi mawu aang'ono.

"Khanda amalifunsa? Ndipo ukakawauza mayi ako, zichitika tsiku lomwelo."

Madzulo ake anapita kwa munthu wa jekete n'kumuuza kuti, "Sindingasiye Mbufu, ndi timu ya mtima wanga." Mawu amenewo nyuzipepala inawalemba. Mpaka lero ali pakhoma la bwalo lathu, ndi penti wofiira.

3

Anayesapo kamodzi kuthawa. Mu 2013 anatiuza kuti akukaona mnzake ku Mbinga, pamene anali atakwera basi ya ku Mbeya kukayesedwa ndi timu ina. Ndinadziwa pa tsiku lachiwiri, ndipo sindinadye. Ndinkadziwa kuti akangovala jezi yawo n'kupeza mayi ake ali bwinobwino, bodza langa latha.

Tsiku lachitatu Odilia anagwa ndi malungo. Anali malungo enieni, a udzudzu, aja opweteka mutu mpaka munthu kubwebweta. Tinamunyamula pa pikipiki, njinga yamoto ija, kupita naye kuchipatala. Ndili panja pa wodi ndinaimbira Kasian.

"Wavala chiyani kumeneko?" ndinamufunsa.

Usiku womwewo anakwera basi yobwerera.

Anafika tsiku lotsatira, maso ofiira, nagwada pambali pa bedi. "Mama, ndikhululukireni. Sindidzachitanso."

"Wachita chiyani, mwanangu?" Odilia anafunsa, akumusisita kumutu. Iye za mphini sankadziwa kalikonse.

Ndikuuzeni zoona, owerenga. Mkazi wanga ali chigonere ndi botolo la madzi likudontha m'mkono mwake, ine mumtima ndinathokoza udzudzu.

Kuyambira pamenepo Kasian sanayang'anenso kunja. Mbufu inakwera ligi, inatsika, inakweranso. Makocha anabwera n'kupita. Erick, mnzake amene ankakhala pabenchi Kasian ali pagolo, anatengedwa ndi timu ya ku Dar ija n'kubwera pa Khrisimasi ndi galimoto yoyera, akuliza hutala pakhomo pathu. Kasian anamulandira, namuyamikira, kenako anapita kuseri kwa nyumba kukakhala yekha. Zala zake ziwiri zinathyoka n'kupola mopindika. Bondo linayamba kulira akamadzuka. Mkazi wake Vanessa ankandidandaulira kuti, "Apongozi, mulankhuleni mwana wanu. Kukhulupirika sitingathire m'poto." Ine ndinkati, "Ndi mtima wake, mayi. Nanga ine nditani?"

Masapota ankamuimbira nyimbo. Ana ankamanga masanza m'manja n'kumadzitcha Kasian. Pa mpira uliwonse, asanayambe, iye ankapsompsona mfundo za manja ake n'kuyang'ana kumene kwakhala mayi ake. Anthu ankati ndi pemphero. Ndine ndekha amene ndinkadziwa kuti akuonetsetsa ngati akupumabe.

4

Sabata imeneyo ya misa sindinakhome msomali wowongoka n'umodzi womwe. Lachiwiri ndinabisa zolembera zonse za m'nyumba, ngakhale pensulo ya mdzukulu. Lachitatu ndinamutsatira Odilia kumsika, kuchigayo, mpaka pachitsime, ndikubisala kuseri kwa anthu ngati wakuba. Pikipiki iliyonse ikaima pafupi ndi shedi, ndinkasiya nyundo n'kusuzumira panja.

Lachinayi ndinayesa zokoma. Ndinamugulira chitenje.

"Mayi a Kasian, tipite ku Songea Loweruka, akakuone maso dokotala wamkulu."

"Tsiku la mwana wanu lotsanzika? Mwayamba liti kundidera nkhawa chonchi?"

"Ukudziwa chimene chichitike? Amulanda chitupa. Ana ake aja akhala a dziko liti? Ukufuna kupasula nyumba ya anthu amoyo chifukwa cha munthu amene sakumva?"

Anapinda chitenje chija bwinobwino n'kundibwezera. "Akumva. Zaka makumi atatu anzake akuitanidwa mayina, iye ali chete kudikira. Ndipo musavutike kubisa mapensulo. Kapepala ndinapereka Lamulungu, ndisanakuuzeni."

Lachisanu m'mawa ndinapita kwa katekisiti, Samwel. Ndinamupeza akusanja timapepala m'dengu.

"Mwalimu, mkazi wanga maso sakuona bwino. Walakwitsa polemba. Ndipatseni kapepala kake ndikonze."

"Anandiuza kuti mubwera," anatero Samwel, akuseka. "Anati mukabwera ndikuuzeni kuti akufa ake ndi ake. Mzee, timapepalati sinditsegula mpaka paguwa. Mwaiwala apongozi anu ena kapena?"

Ndinayang'ana dengu lija. Linali pafupi, dzanja likanafika. Koma timapepala tinali mazana, topindidwa mofanana. Ndinatuluka chimanjamanja.

5

Loweruka tchalitchi chinadzaza mpaka pakhonde. Timu yonse ya Mbufu inabwera kudzadalitsidwa, itavala majezi. Kasian anakhala kutsogolo ndi Vanessa ndi ana. Odilia anakhala kumbali ya amayi, atavala mpango woyera. Ine ndinasankha benchi yomaliza, pafupi ndi khomo.

Samwel anayamba kuwerenga. Dzina, dzina, dzina, anthu akuyankha pemphero. Kenako anatsegula kapepala kena, nawerenga osaganiza, monga amawerengera onse.

"Kasian, mwana wa Odilia wa ku Mbaha."

Atatha kutchula m'pamene anadzimva. Anaima, nayang'ananso kapepalako. M'tchalitchi manong'onong'o anayamba ngati njuchi. Wansembe anakodola kuti apitirize, ndipo misa inatha mothamanga.

Panja anthu sanabalalike. Gasper, mkulu wa masapota, woyendetsa pikipiki wa pakamwa posatseka, anamugwira Samwel malaya.

"Walemba ndani? Munthu wamoyo, tsiku la mpira wake, mukumuwerenga ndi akufa? Ndi a timu ija tikumenyana nayo masana, eti?"

"Si iwo," Samwel anayankha. "Kapepalaka ndi ka mayi ake."

Gulu lonse linatembenukira kwa Odilia. Muyenera kudziwa kuti kuno kutchula wamoyo pakati pa akufa ndi kumuitanira manda. Palibe amene amachita zimenezo mwangozi.

"Wamupereka nsembe," mayi wina anatero. "N'chifukwa chake maso ake afiira chonchi."

"Mpira watha, ndiye akufuna amudye."

Kasian anadutsa pakati pawo n'kuima patsogolo pa mayi ake. "Mama, mwalakwitsa polemba, si choncho? Auzeni kuti mwalakwitsa."

"Sindinalakwitse, mwanangu," anatero Odilia. "Funsa bambo ako."

Maso onse anandipeza. Ndinali nditafika kale pageti, mwendo umodzi uli kunja. Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinabwerera ngati mwamuna. Koma ndinalonjeza kunena zoona. Chimene ndinanena ndi ichi:

"Musamumvere. Mutu wake sukuyenda bwino masiku ano."

Sindinaone amene anaponya. Mwala unadutsa paphewa pa Kasian n'kumupeza Odilia pamwamba pa diso. Anakhala pansi pang'onopang'ono, magazi akutsikira pampango woyera uja. Sanalire. Ankangondiyang'ana, monga momwe wakhala akundiyang'anira pa 2 Novembala aliyense. Ndinaona Gasper akuwerama kutola wina, ndipo ana asukulu nawo anayamba kufunafuna pansi.

Pamenepo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Siyani. Kasian anamwaliradi. Ndikudziwa pamene anagona."

6

Ndinanena zonse nditaima pageti pomwepo, mawu akutuluka ngati masanzi.

Ndinaoloka nyanja mu 1993 ndili ndi mwana wa zaka ziwiri pamsana. Mayi ake, Bertha, mkazi wanga woyamba, anali atamwalira ku Nkhata Bay. Mwanayo dzina lake anali Tiyezge. Ndinapeza ganyu yokhoma maboti ku Ndumbi, ndipo kumeneko ndinadziwana ndi Odilia wa ku Mbaha, amene anali atangoika m'manda mwana wake mmodzi yekhayo, Kasian, wa zaka zitatu. Mwanayo anamwalira nthawi ya mvula, mlatho utakokoloka. Wansembe sanafike, abale anangomuika okha, ndipo imfa yake sinalembedwe m'buku lililonse. Odilia anatsala ndi mtanda wa thabwa pamanda ndi khadi la ubatizo m'bokosi. Ataona Tiyezge wopanda mayi anamunyamula, ndipo tinakwatirana.

Chaka chotsatira kunamveka kuti kukubwera msako wa anthu opanda mapepala. Ine wamkulu ndikanatha kubisala m'maboti. Nanga mwana, sukulu adzalowa bwanji? Tsiku lina Odilia ali kumunda ndinatsegula bokosi lake n'kutenga khadi lija. Mzere wa dzina la bambo unali wopanda kanthu, popeza amene anamupatsa mimba anathawa. Ndinalembapo dzina langa ndi dzanja langa la Sitandade 4, inki yake yosiyana ndi ya wansembe. Kenako ndinapita kumanda, ndinazula mtanda wa dzina la Kasian, ndi kuuponya mumtsinje.

Odilia anadziwa zonse zitachitika kale. Analira masiku atatu. Ndinamuuza kuti akaulula, Tiyezge amutenga, atsala wopanda mwana kachiwiri. Tinasamukira ku Mbamba Bay kumene kunalibe wotidziwa, ndipo ku Mbaha ndinaletsa kupitako. Mwana ankakana dzina latsopanolo. Ankati, "Ine Tiye." Ndinamukwapula miyezi iwiri mpaka anaiwala.

Pasipoti ikanawatengera a uhamiaji ku Mbaha. Kumeneko akanaona inki yanga, n'kupeza nkhalamba imodzi yokumbukira maliro a nthawi ya mvula aja. N'chifukwa chake mwana wanga sankayenera kupita kutali ndi golo la Mbufu.

Nditamaliza, Gasper anasiya mwala uja kugwa pansi mwakachetechete, ngati sunali wake. Amayi amene ankati mfiti aja ndi amene anayamba kumupukuta Odilia magazi. Anthu ndi otero.

7

Kasian anabwera pamene ndinaima. Ndi wamtali kuposa ine, ndipo ndinaganiza kuti andimenya. Zikanakhala bwino.

"Dzina langa ndani?"

"Tiyezge."

Analiyesa pakamwa osatulutsa mawu. Kenako anatembenuza manja ake, nandionetsa mfundo zija.

"Izi?"

"Zakalezo anakutema mayi ako Bertha, unkadwala malungo uli khanda. Kunalibe munthu wa ku Msumbiji."

"Zimene munandipaka m'shedi?"

"Makala ndi mafuta ophikira."

"Mama atadwala, ine ndili ku Mbeya?"

"Udzudzu."

Odilia, ali pansi pomwepo, anafunsa kuti tikunena chiyani. Vanessa anagwada n'kumufotokozera zimene nayenso anali atangozimva kumene. Ndinaona nkhope ya mkazi wanga ikusintha. Zaka zonsezi ankaganiza kuti ndinamubera mwana wakufa yekha. Tsiku limenelo anadziwa kuti moyo wake womwe ndinausandutsa chingwe chomangira wamoyo.

Kasian anali akuyang'anabe manja ake, zala zopindika zija.

"Ndiye kuti mipira yonse ija ndinkagwira ndekha?"

"Wekha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ndikanagwira kulikonse."

Anamunyamula Odilia ngati mwana n'kupita naye kuchipatala kuti akamusoke.

Aliyense ankaganiza kuti mpira walephereka. Koma nthawi itakwana anatulukira pabwalo, jezi yachikasu ili pathupi. Ine ndinaonera kunja, pabowo la mpanda wa malata, chifukwa sindikanatha kukhala pakati pa anthu. Asanayambe, sanapsompsone manja. Anasewera ngati munthu wolusa. Anauluka, anagwa, anadzuka, anakalipira anzake. Chakumapeto anagwira penate ndi dzanja limodzi, bwalo lonse n'kuimirira. Sindinamuonepo akusewera chotero, ndipo anali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, bondo lili lomanga.

Mpira utatha, akuluakulu a timu anakonza zoti alankhule pa chimkuzamawu. Iye anadutsa pambali pawo n'kupita pamene panakhala Odilia, bandeji ili pamphumi. Anavula jezi ija, imene kumsana kwake kunalembedwa KASIAN, naipinda, nagwada.

"Mama, dzina la mwana wanu ili. Ndalivala nthawi yaitali. Sindinalidetse."

Odilia anailandira ndi manja awiri. "Nanga iwe ndikuitane ndani?"

"Mmene mungafunire. Inu ndinu mama basi."

8

Lolemba lake anapita yekha ku ofesi ya uhamiaji, khadi lija lili m'manja, nakafotokoza zonse. Anandiitana kawiri kukafunsidwa. Nkhani idakali m'manja mwawo mpaka pano. Ena akuti poti anakulira kuno ndipo anakwatira kuno, amuganizira. Za ine palibe akunena. Chikwama changa ndinalongedza kale, chili pansi pa bedi. Pikipiki ikaima pakhomo, ndimaimirira ndisanadziwe kuti ndi ndani.

Patatha sabata ziwiri anabwera kushedi. Sanalowe. Anaima pakhomo.

"Mzee Harrison, mukhome mtanda. Wa mlombwa, osati zotsala za boti. Loweruka tikupita ku Mbaha."

Mzee Harrison. Ndi mmene amanditchulira tsopano.

Ndinaukhoma, ndi kusema dzina ndi dzanja lomwe lija linalemba pakhadi. Titafika kumanda a ku Mbaha ndinasokonezeka. Panali pataphuka tchire, manda atsopano ali paliponse, ndipo ine amene ndinazula chizindikiro sindinathe kuloza malo. Odilia, wa maso akufawo, anayenda molunjika, nakaima pambali pa mwala wina wosongoka.

"Ndi pano," anatero. "Munkati ndikamapita ku Lituhi kukagula mbewu chaka ndi chaka ndinkapita kuti? Kumbani apa, bambo a Tiyezge."

Ndinakumba. Mwana wanga anagwira mtanda kuti uime mowongoka, ine ndikukwirira. Manja athu anayandikana, koma sanakhudzane.

Owerenga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Chisoni chanu ndikuchidziwa, chimatha msanga ngati cha anthu a patchalitchi aja. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza mwana. Mwina chaka choyamba zinali zoona. Zaka zina zonsezo ndinkateteza khungu langa, ndipo amene analipira ndi mwana wakufa wopanda mtanda, mayi wosaloledwa kulira, ndi mnyamata amene manja ake akanaonedwa ndi dziko lonse. Mukaona munthu wakhala malo amodzi moyo wake wonse, musathamangire kumuimbira nyimbo. Yambani mwafunsa amene wagwira chingwe.

Mawu aja adakali pakhoma la bwalo, ndi penti wofiira: timu ya mtima wanga. A timu anafuna kuwafufuta, iye anawaletsa. Masiku ano amaphunzitsa magoloboyi achinyamata pabwalo lomwelo, ndipo chaka chino watumiza kale awiri ku Dar es Salaam. Amawaperekeza yekha kukakwera basi. Njira yake imadutsa pakhomo pa shedi yanga, ndipo ndimamumva akuwauza kuti, "Mukafika kumeneko musamayang'ane m'mbuyo. Manjawo ndi anu."

Amanena mokweza, kuti ndimve.